Mwana Amene Maloboti Ankamupatukira

Akapitawo anatichenjeza tonse tsiku lomwe ankachotsa timabokosi takale kudenga. Anaima pakati pathu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti: "Kanthu kalikonse kochoka kudenga kuno kasatuluke pageti, ngakhale kazioneka kakufa. Timabokositi sitiiwala pomwe tinakhomedwa."

Tinaseka. Mayi wina wa kopakira anati, "Ndiye tikuposa amuna athu, bwana. Iwo amaiwala ndi pomwe anakwatira."

Akapitawo nawo anaseka, chipewa n'kubwerera kumutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene sanaseke anali Wamakwerero yekha, koma sikuti ankamvetsera. Ankayang'ana ine.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, momwe anthu tinasiya kalekale kusenza makatoni. Amanyamula ndi maloboti, tingolo tafupitafupi todziyendetsa tokha, tomwe timayenda mwakachetechete ngati anamwino a usiku. Ine ndimangomata mapepala pa makatoniwo. Wamakwerero ndiye injiniya amene amakhoma timabokosi toyera kudenga, touza loboti iliyonse pomwe ili. Dzinali tinamupatsa chifukwa masabata oyamba tinkangomudziwa nsapato ndi mawondo, nkhope ili kumwamba. Ifenso timavala kabatani pakolala, kuti maloboti azidziwa kuti apa pali munthu, n'kutipatukira.

Kunyumba ndili ndi kamtsikana kamodzi. Timakatcha Kaliwiro, chifukwa ukangotembenuka kuti utenge sopo, kapita. Kanandisowapo tsiku lina pamsika, ndipo mpaka lero mtima wanga sunabwerere pamalo pake. Bambo ake anamwalira iye akuyamba kumene kukwawa, ndipo ndinatsala m'nyumba ya apongozi anga. Iwo sanandivutepo, kupatula lamulo limodzi lomwe ananena ali phee, akusenda lalanje: "Ndiwe mwana, sindikukuletsa kukwatiwa. Koma tsiku lomwe mwamuna adzaponde pabwalo pano chifukwa cha iwe, udzatuluka wekha. Mdzukulu wanga adzatsala."

*

"Mwayang'ananso foni," anatero Wamakwerero.

Tinali titakhala pa masitepe a kuseri, nthawi yopuma masana. Dzuwa linkadutsa m'mipata ya malata n'kumagwa pa mikono yake ngati timizere ta choko.

"Palibe amene waimba, amake Kaliwiro. Ndakhala ndikumvetsera."

"N'chifukwa chake ndikuyang'ana. Kukakhala zii ndiye ndimaopa."

Anaseka chamumtima, n'kundipatsa theka la buledi wake osandifunsa. Ndinagwira kabatani ka pakolala panga. Funsoli ndinali nditagona nalo masiku ambiri.

"Aka nditati ndimuveke mwana wanga, ndingathe kumuona ali kunyumba?"

"Ayi. Kabataniko kamangoitana. Oyankha ndi timabokosi tija. Kalikonse kamayeza kuti kuitanako kwatenga nthawi yotani kuti kukafike, ndiye atatu kapena anayi akagwirizana, malo apezeka. Sitiphonya kuposa m'lifupi mwa chala. Koma mukangotuluka pageti, kabatani kamaitana popanda womva."

"Ngati ine," ndinatero, n'kuchita manyazi nthawi yomweyo.

Sanandiseke. 

"Nanga foni imadziwa bwanji msewu?" ndinafunsa mofulumira.

"Imeneyo imamvera masetilaiti. Ikhoza kukuuzani kuti mwana ali cha kwanu. Koma siingalumbire ngati ali mkati mwa mpanda kapena kunja kwake. Pakati pa nyumba zazitali ndiye imalota kumene."

"Ine ya cha kwanu sindikuifuna. Ndikufuna ya chala."

"Ndiye pafunika timabokosi pabwalo panu. Takale tija tangounjikidwa m'kachipinda, tikudya fumbi."

"Simungaponde kwathu. Ndinakuuzani."

"Sindiponda," anatero. "Ndikhala pa makwerero."

Ndinaseka mpaka buledi kunditsamwa. Iye anandimenya pamsana pang'onopang'ono, ndipo dzanjalo linachedwa kuchoka. Masana onse ndinkamata mapepala mozondoka.

*

Anabwera Loweruka, apongozi atapita kuchipatala kukaona mnzawo. Ndinamutsegulira kageti ka kuseri. Ndinkamva ngati mawindo onse a anthu oyandikana nawo atsegula maso.

Kabokosi kamodzi anakakhoma pansi pa denga la khonde, kena pa mtengo wa gwafa, kena pa khoma la bafa, komaliza pa mzati wa geti. Kenako anandipatsa nsonga ya tepi yoyezera kuti ndigwire, iye n'kumabwerera chambuyo kudutsa bwalo lonse. Tepiyo inkanjenjemera pakati pathu. Iye akakoka pang'ono, ndinkamva m'zala. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayamba kuganiza za nyumba ina, yokhala ndi bwalo laling'ono ngati lomweli, zovala zake ndi zathu zili pachingwe chimodzi, mphepo ikuzikumanitsa.

Kaliwiro anaima pansi pa makwerero, chala chili m'kamwa.

"Amalume, mukutchera mbalame?"

"Eya. Kambalame kamodzi kofiira mapazi, kosamva kuitana."

Mwanayo anayang'ana nsapato zake zofiira, zomwe amakana kuvula ngakhale pogona, n'kuthawira kuseri kwa gwafa akukuwa ndi chisangalalo. Mu lilime la nsapato yakumanzere ndi momwe ndinasokerera kabatani.

Wamakwerero anatenga foni yanga, n'kudinadina, n'kundibwezera. Pagalasi panali bwalo lathu lojambulidwa ndi mizere yopyapyala, ndi kadontho kobiriwira kakuzungulira mtengo. Ndinakweza maso: mwana akuzungulira mtengo. Ndinatsitsa maso: kadontho kaima. Ndinakwezanso: mwana wagwada, akutola gwafa wakugwa.

Misozi inangobwera yokha.

"Kwatsala chinthu chimodzi," anatero iye motsitsa mawu. "Ndiyenera kutidula ku kompyuta ya kuntchito, kuti tiiwale kwawo kwakale. Ndi kanthawi kochepa."

Koma pomwepo ndinamva mawu a apongozi kumsewu, akupatsana moni ndi mayi wogulitsa makala.  Ndinamukankha Wamakwerero ndi makwerero ake omwe, mpaka kageti ka kuseri. Anatuluka chammbali ngati nkhanu, akundinong'oneza kuti adzamaliza Lolemba.

Apongozi atalowa anayang'ana pa gwafa, n'kuyang'ana pakhonde.

"Izi n'chiyani?"

"Zothamangitsa udzudzu, Amayi. Atigawira kuntchito."

"Udzudzu wa masiku ano wafika pofuna magetsi?" Anapukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala panja ndikusesa, kufufuta mapazi a makwerero pa dothi.

*

Lolemba m'mawa, maloboti anayamba zachilendo.

Zinachitikira mu kanjira ka kuwindo lalikulu, komwe kunachotsedwa timabokosi takale tija. Loboti imabwera bwinobwino ndi katundu wake, kenako n'kuima pomwe palibe kanthu. Imadikira. Kenako imapatuka mwaulemu, kuzungulira mpweya, n'kupitiriza ulendo. Ina kumbuyo kwake chimodzimodzi.

Anthu anasiya ntchito n'kuunjikana kumapeto kwa mashelefu.

"Mzukwa uwu," anatero mayi wa kopakira uja. "Ndinanena ine kuti malo ano anali manda."

"Mzukwa wovala kabatani?" anafunsa woyendetsa galimoto wina. "Ndiye walembedwa ntchito, uzilandira nafe."

Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana momwe malobotiwo ankapatukira. Choyamba apa, kenako apo, kenako mozungulira, kenako phee kanthawi, kenako liwiro mpaka kumapeto. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa kuposa nkhope yanga. Ndinatulutsa foni mobisa pansi pa epuloni. Kadontho kobiriwira kanali kakuzungulira gwafa. Ndipo patsogolo panga, loboti yosenza makatoni inali ikuzungulira mtengo womwe panalibe.

Timabokosi tija tinkaganizabe kuti tili kudenga kuno. Bwalo lathu lonse linali litagonekedwa mu kanjirako, ndipo mwana wanga ankasewera pakati pa mashelefu ali kunyumba.

Anthu atabalalika, ndinalowa mu kanjirako. Kuwala kwa windo kunali kutadzaza fumbi loyandama ngati ufa wagolide. Ndinayang'ana foni, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pomwe loboti inali itaima kudikira. Ndinagwada. Apa ndiye panali mwana wanga, atakhala pansi, mwina akukwirira mapazi m'dothi. Ndinatambasula dzanja pa msinkhu wa mutu wake. Mpweyawo unali wofunda. Ndikudziwa kuti linali dzuwa chabe, koma unali wofunda.

"Amake Kaliwiro."

Wamakwerero anali ataima kumbuyo kwanga, nkhope itatuwa.

"Ndalakwitsa ine. Ndikupita kukazimitsa pompano, wina asanafufuze."

Ndinamugwira mkono. Aka kanali koyamba kumugwira ine.

"Musazimitse lero. Chonde. Chiyambireni ntchito kuno sindinakhalepo naye masana. Taonani momwe akumupatukira. Palibe imene ingamugunde."

"Mwanayo kuno kulibe."

"Ndikudziwa. Lero lokha."

Anayang'ana dzanja langa pa mkono wake, n'kuyang'ana loboti yodikirayo. Anthu ophunzira nawo amafooka, ndinaona tsiku limenelo.

"Lero lokha," anatero.

Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ngati ndili m'maloto. Nthawi ya tulo ta masana kanjirako kanakhala bata, maloboti akungopatuka pa ngodya imodzi, pomwe pali khonde lathu. Ndinadziwa kuti wagona pa mphasa, nsapato zili kumapazi. Ndinkayenda monyang'ama podutsa pamenepo.

*

Chakumadzulo anandiitanitsa Wapagalasi. Uyu ndi mayi amene amakhala mu ofesi ya magalasi pamwamba pa masitepe, kuyang'anira maloboti onse pa kompyuta. Zikhadabo zake zimakhala zopakidwa nthawi zonse, ndipo chiyambire kubwera Wamakwerero, ndi iye amene amamutsitsira tiyi m'kapu ya maluwa. Ndinkadziwanso, ndipo ndinkayesa kusaganiza, kuti anaphunzira kalasi imodzi ndi mlamu wanga, mchemwali wa malemu amuna anga.

"Khalani, asisi," anatero mokoma. "Ndimafuna mundithandize za mzukwa wathu."

Anatembenuza kompyuta. Kadontho kanali pamenepo, pakati pa mizere ya mashelefu.

"Mzukwawu ndi waufupi miyendo. Umagona masana. Ndipo kabatani kake anakatulutsa m'nkhokwe ndi injiniya wathu. Ndinadabwa kuti munthu wosakwatira akufuna kulondola ndani." Anapinda manja. "Kenako ndinakuonani mutagwada pansi paja, mukusisita mphepo."



"Ndi mwana chabe. Amathawathawa," ndinatero.

"Ee, ana amavuta. Ndiye mpaka injiniya kufika kunyumba? Ife kuno tikamupempha kuti atikonzere chotenthetsera madzi amati alibe nthawi."

"Chonde, musawauze akapitawo."

"Akapitawo ndawauza kale, ndi ntchito yanga imeneyo." Anayang'ana zikhadabo zake. "Zinazo ndangocheza ndi mnzanga mmodzi pafoni. Tinasowana. Anadabwa kwambiri kumva kuti kwa amayi ake kwafika chitukuko."

Ndinatsika masitepe osaona popondapo. Nditayang'ana foni pageti, kadontho kanali kulibe. Bwalo lokha, mizere yokha.

*

Ndinapeza timabokosi tonse tili patebulo la pabalaza, mawaya akulendewera ngati mizu ya chinthu chozulidwa. Pambali pake panali nsapato yofiira yakumanzere, lilime lake litang'ambidwa ndi lumo. Mlamu wanga anali atakhala pampando wa malemu, chikwama chili pamiyendo.

"Afika amayi a udzudzu," anatero.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera kuzula maso a mwamuna m'nyumba ya mchimwene wanga. Mpaka pa bafa, alamu? Pa bafa?"

"Sizijambula zithunzi. Zimangonena pomwe mwana ali."

"Mwana ali kwa agogo ake! Pakufunikanso makina kuti anene zimenezo?"

Apongozi anakweza dzanja, mlamu n'kukhala chete. Kaliwiro anali pamiyendo pawo, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina lopanda, maso atatupa ndi kulira. Atandiona anafuna kutsika. Iwo anamugwira bwino, osati mwankhanza.

"Ndikufunsa chimodzi," anatero apongozi. "Anakhoma ndani?"

"Munthu wa kuntchito, Amayi."

"Mwamuna?"

"Eya."

"Anabwera chifukwa cha mwanayu, kapena chifukwa cha iwe?"

Ndikanatha kunama. Ndinali nditanama kale za udzudzu. Koma ndinakumbukira tepi ija ikunjenjemera m'zala zanga, ndipo mawu anakana kutuluka. Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamva yankho lonse.

"Ine ndimakhala naye mwanayu tsiku lonse," anatero motsitsa. "Ndimamusambitsa, ndimamuthamangira ndi miyendo yotupayi. Iwe n'kuona kuti maso anga sakukwana, mpaka kukatenga a mlendo."

Apo ndiye panandipweteka, chifukwa sankanama.

"Amayi, si choncho. Ndimangoopa."

"Inenso ndimaopa. Ndinaika kale mmodzi m'manda." Anapukuta mphuno ya mwanayo ndi nsonga ya nsalu. "Kukacha, azakhali akewa amutenga. Akakhale kwawo kaye, iwe uganize bwino popanda chokusokoneza. Ukasankha mwamunayo, chitseko ndi icho. Lero agona ndi ine."

"Mama," anatero Kaliwiro, "nsapato yanga yafa."

Ndinagwada kuti ndimunyamule, koma mlamu anaimirira pakati pathu ngati akufuna kutenga kapu patebulo. Apongozi analowa naye mwanayo kuchipinda kwawo. Ndinamva loko akulira.

*

Kunali kutada kale pamene foni inanjenjemera. Ndinali nditakhala pabedi, nsapato yong'ambidwayo ili m'manja.

"Pepani, pepani kwambiri," analemba Wamakwerero. "Sanandichotse ntchito, koma andisamutsa. Akunditumiza kutali, kumunda waukulu komwe akuyesa mathirakitala odziyendetsa okha. Galimoto inyamuka m'bandakucha."

"Akufuna kundilanda mwana kukacha, akakhale kwa azakhali ake," ndinayankha.

 Foni inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Tiyeni tipite limodzi. Sindinakuuzenipo poyera, ndiye ndikunena pano: ndimakukondani. Kumeneko kulibe madenga, ndi thambo lokhalokha. Timaimika mlongoti umodzi pakati pa munda wokonza zolakwa za masetilaiti, ndipo thirakitala imabzala mzere wowongoka mpaka komwe maso amathera. Madzulo kumakhala zii. Mukakonda."

Ndinatseka maso n'kuuona mundawo. Mizere yobiriwira yopita kukakumana ndi mitambo, kanyumba kamodzi, iye akubwera chapatali atapachika jekete paphewa. Ndinaona ndi kamtsikana kakuthamanga pakati pa mizereyo, popanda msewu, popanda msika, popanda poti kangasowere. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinapuma mpaka pansi pa chifuwa.

Ndinayamba kulemba kuti inde. Uthenga wina unandipitirira.

"Vuto ndi limodzi. Kumalo ogona antchito salola ana, chifukwa cha makina. Kaliwiro angatsale kaye kwa azakhali akewo miyezi yochepa, ife tipeze nyumba kunja kwa munda, kenako tidzamutenge. Asamalidwa bwino, si abale ake?"

Ndinawerenga. Ndinawerenganso. Sanalembe mwankhanza. Analemba ngati munthu wokonza zinthu, amene waona njira yachidule. Koma mawu ake ndi a apongozi anali atakumana pamalo amodzi: ine uku, mwana uko.

Ndinafufuta inde uja.

"Mwakhala chete," analemba. "Amake Kaliwiro?"

 Ndinaimbira mkulu wanga, amene amakhala kutsidya kwa tauni m'chipinda chimodzi ndi makina ake osokera. Anamvetsera osandidula, zomwe si khalidwe lake.

"Malo ndi ochepa," anatero pomaliza, "koma pansi pa tebulo lodulira nsalu pakwana mphasa. Nanga umutulutsa bwanji, poti akhoma chitseko?"

"Atsegula okha. Mwanayo amadzuka kusanache kufuna kutaya madzi, ndipo salola munthu wina kumuperekeza. Amakuwa mpaka ndibwere ine."

"Ndiye injiniya wako?"

Foni inali ikunjenjemera pakhutu panga, mauthenga ake akulowa motsatizana. Mtima unkafuna kuwatsegula. Unkafuna kwambiri.

"Galimoto yake ikulowera kwina," ndinatero. "Akatifuna, adzatifune tonse awiri."

Ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati mosachita phokoso. Ndinaikamo madiresi ake, juzi yake, kabulangete kake, zanga pang'ono pamwamba. Ndinachibisa kuseri kwa bafa, pafupi ndi kageti. Kenako ndinabwerera, n'kukhala pansi m'khonde la m'kati, msana utatsamira khoma la chipinda cha apongozi, nsapato zanga zili kale kumapazi.

Mkatimo mwana anatsokomola kamodzi, n'kutembenuka. Ndinayandikiza khutu pakhoma, n'kuyamba kudikira kuti andiitane.